Mota ya konveya ikutentha n'kumatripa: m'mene mungapezere vuto musanaitumize kowayinda

Ikamakwana 2 koloko masana mwezi wa Okutobala ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, lamba wa konveya amangoti zii, waima. Wina amathamangira ku panelo, n'kudina batani la reset pa ovalodi (kachipangizo kothimitsa mota ikakoka ma amp ambiri), lamba n'kuyambanso. Pakangopita mphindi 20 waimanso. Kachitatu munthu amatenga sikuludiraiva n'kupotokola ovalodi kuchoka pa ma amp 21 kufika pa 26, ndipo tsiku limenelo lamba saimanso. Sabata yamawa mota ili kumbuyo kwa pikiapu, ikukwera zitunda za ku Thabwa kupita kowayinda (kumene amakulunganso makoyilo a mota yopsa) ku Blantyre, ikununkha vanishi wopserera.

Mamota ambiri amene ndawatsegula atapsa analibe mlandu. Chinawapha chinali kunja: rola yogwira, waya wolendewera pa teminolo, fani yotsekedwa ndi thonje. Mukaichotsa mota osachipeza chimenecho, yowayindidwayo idzapsanso pa malo omwewo. Malangizo awa ndi a mota ya mafezi atatu (mawaya atatu a moto) ya 400 V, 50 Hz, yoyendetsa lamba kudzera pa giyabokosi, kaya lambayo amanyamula nzimbe, njere za thonje, mpunga, chimanga kapena mchenga.

Zida zoti mukhale nazo

- Clamp meter yoyezera ma amp
- Multimeter yoti ifike 600 V kapena kuposa, ya nthambo zosang'ambika
- Megger ya 500 V, yoyezera ngati moto ukudontha kuchoka m'makoyilo kapena m'kebulo
- Choyezera kutentha chongoloza patali, cha m'fakitale. Tija tinkayezera anthu pamphumi nthawi ya Covid-19 tambiri sitifika ngakhale madigiri 50, musavutike nato
- Loko wanuwanu ndi kachikwangwani kolemba dzina lanu
- Masipanala, masikuludiraiva okutidwa ndi pulasitiki, bulashi yolimba, mpope wa mpweya ngati ulipo
- Girisi wa mtundu womwe uli kale m'maberingi
- Magolovesi, magalasi a m'maso, kope ndi cholembera

Ntchito ya mkati mwa panelo muli moto ndi ya munthu amene anaphunzira zamagetsi. Ngati ndinu oyendetsa makina, zanu ndi sitepe 1, 2, 4 ndi 5, ndipo mudzadabwa kuti mavuto ambiri amathera pomwepo.

1. Funsani kuti yaima bwanji musanagwire chilichonse

Mufunseni amene anali pa lambayo, chifukwa kaimidwe kake kamakuuzani koyambira.

Ngati buleka yagwa kapena fyuzi yaphulika mukangodina start, ganizirani shoti kapena waya wokhudza chitsulo, pitani ku sitepe 8. Ngati mota ikungolira huuu osazungulira, kapena ikutripa isanafike pa liwiro lake, mwina lamba wagwidwa penapake kapena fezi imodzi yasowa. Ikamayenda bwino theka la ola kenako n'kutripa, ndiye kuti ikukoka katundu woposa mphamvu zake kapena sikupeza mphepo. Ikamatripa masana okhaokha, m'mawa ndi usiku ayi, dzuwa lili ndi mbali yake. Koma ngati lamba waima, ovalodi sinatripe, buleka ili mmwamba, mota isiyeni kaye, vuto lili ku mawaya a control, sitepe 9.

Chenjezo: musadine reset koposa kamodzi musanadziwe chifukwa. Mota ikalizidwa mwachindunji, kuipatsa volteji yonse nthawi imodzi, imakoka ma amp ochuluka ka 6 mpaka ka 8 kuposa a nthawi zonse. Kuiliza kanayi motsatizana ili kale yotentha n'kuiwotcha ndi manja anu.

2. Koperani za pa puleti ya mota

Pukutani kachitsulo kolembedwa kaja, mulembe m'kope ma kW, ma amp, volteji, ma rpm ndi kalasi ya insulation (chokutira mawaya a makoyilo). Mota ya 11 kW ya mapolo anayi nthawi zambiri imalembedwa ma amp 21 kapena 22 pa 400 V, ndi ma rpm pakati pa 1440 ndi 1470. Nambala ya ma amp imeneyo ndiyo mudzayerekezera nayo zonse zotsatira.

Pali nambala ina imene ambiri saiwerenga, pamene kwathu kuno ndiyo yofunika. Mamota ambiri anapangidwa kuti apereke mphamvu zawo zonse pamene mpweya wowazungulira sukupitirira madigiri 40. Kuchigwa kuno mu Okutobala ndi Novembala madigiri 40 timawadutsa tili pamthunzi, nanji pansi pa denga la malata. Ikafika 45, mota imafunika kuichepetsera katundu ndi 4 kapena 5 peresenti, ikafika 50 pafupifupi kawiri kake. Mota imene ku Bvumbwe ingagwire zaka zambiri ikukoka ma amp onse a pa puleti, kuno ilibe popumira.

3. Yezani ma amp lamba akuyenda

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ikani clamp meter pa waya mmodzimmodzi, osati onse atatu pamodzi, mulembe L1, L2, L3. Yezani kawiri: lamba ali wopanda kanthu, kenako ali ndi katundu wa masiku onse.

Mafezi onse atatu akakhala ofanana koma opitirira a pa puleti, mota ikulemedwa. Kayang'aneni lamba ndi giyabokosi.

Lamba wopanda kanthu akamakoka kale ma amp oyandikira a pa puleti, pali chimene chikugwira. Mota yopanda katundu, yomasulidwa pa kapulin'i (cholumikizira shafiti ya mota ndi giyabokosi), imayenera kukoka penapake pakati pa kota ndi theka la ma amp a pa puleti.

Mafezi akasiyana kwambiri, tinene 19, 21 ndi 27, vuto ndi la magetsi. Kuti mudziwe ngati lili mu mota kapena kumene magetsi akuchokera, thimitsani, mukiye, ndipo musunthe mawaya onse atatu malo amodzi pa mateminolo a mota U, V ndi W: wa pa U apite pa V, wa pa V apite pa W, wa pa W apite pa U. Mukasuntha onse atatu motero mota imazungulirabe mbali yomwe ija. Yezaninso. Ma amp okwerawo akatsala pa waya yemwe uja wochokera ku panelo, mota ilibe mlandu. Akatsatira teminolo ya mota, makoyilo ndi amene akudwala. Musasinthanitse awiri okha, lamba adzabwerera chammbuyo ndi katundu yense.

Fezi imodzi ikamawerenga ziro pamene ziwiri zakwera kwambiri, thimitsani nthawi yomweyo. Mota imene yasowa fezi ili pa liwiro imapitiriza kuzungulira, mafezi awiri otsalawo n'kusenza ma amp ochuluka pafupifupi ka 1.7, ndipo sitenga nthawi kuti ipse.

Ma amp akakhala ofanana komanso pansi pa a puleti, koma mota ikutenthabe, nkhani ndi ya mphepo kapena maberingi.

4. Thimitsani, kiyani, yesani, kenako yendani ndi lamba yense

Kudina stop si kuthimitsa. Tsitsani isolator (switch yaikulu yodula magetsi onse opita ku mota), ikani loko wanu, kiyi m'thumba mwanu, kenako dinani start kuti muone kuti sikulira. Lamba wokwera chitunda muyambe mwamutsitsa katundu kapena kumumanga, chifukwa akhoza kubwerera yekha mukamasula kapulin'i. Chingwe chokoka pangozi sichilowa m'malo mwa loko.

Tsopano yendani kuchokera ku pule ya kumchira mpaka ya kumutu, mukupukusa rola iliyonse ndi dzanja, makamaka za pansi zimene palibe amaziyang'ana. Rola yogwira mudzaidziwa: mbali imodzi yaphwatalala ndipo ikunyezimira chifukwa lamba wakhala akuikhula.

Pamalo ena pamene ndinagwirako ntchito, mota ya lamba wa njere za thonje inawayindidwa kawiri m'nyengo imodzi. Itatripanso kachitatu, mnzanga anati, “Achimwene, iyi ndi yotheratu, tiwauze abwana agule ina.” Ndinamupempha kuti tiyambe tayeza lamba wopanda kanthu. Anakoka ma amp 18 pa mota ya 21. Titagwada pansi pa felemu tinapeza marola asanu ndi awiri osasuntha n'komwe, odzaza matope ouma gwa a madzi osefukira amene analowa m'shedi nyengo ya mvula. Titasintha marolawo ma amp anatsika kufika pa 11, mota yake yomweyo.

Zina zoti muone mukuyenda: zinyalala zowunjikana pansi pa pule ya kumchira mpaka lamba akusambira m'menemo; lamba wopatuka amene akukhula felemu, mudzaona m'mphepete mwake mukutuluka ulusi; mphira za m'mbali mwa chute (pothirira katundu pa lamba) zothinitsidwa kwambiri; lamba wokokedwa mopitirira muyezo ndi munthu amene ankafuna kuthetsa kuterereka. Ku giyabokosi onani oyilo pa kagalasi. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Ngati mota imalumikizana ndi giyabokosi kudzera pa ma V-belt, kuwathinitsa kwambiri kumatenthetsa beringi ya kutsogolo, ndipo mapule osayang'anizana amachita chimodzimodzi.

Funsaninso ngati katundu anasintha. Mchenga wonyowa wa mumtsinje sulemera ngati wouma, ndipo wothira katundu akamafuna kuweruka msanga amadzaza lamba mpaka kutayikira.

5. Ipatseni mota mphepo

Mota yotsekeka imadziziziritsa ndi fani ya kumbuyo imene imakankha mphepo kudutsa m'mizere ya pathupi pake. Masulani chivundikiro cha fani. Kogaya thonje mudzapezamo ulusi wolukana ngati bulangete, kogaya nzimbe fumbi la zotsalira za nzimbe lomatirira, kuchigayo cha mpunga mankhusu, ndipo kulikonse mavu amakonda kumanga tinyumba tawo ta dothi m'mizeremo. Palani ndi bulashi, uzirani ndi mpweya. Onani kuti mapiko a fani onse alipo ndipo fani yagwira shafiti. Fani ya pulasitiki ikakalamba imatha kumangoterereka, shafiti ikuzungulira iyo ili chiimire.

Kumbuyo kwa chivundikiro kukhale mpata, osati khoma kapena matumba owunjikidwa. Mota ya panja muiikire kadenga ka lata pamwamba, kotalikirako, mbali zonse zotsegula. Osaikulunga ndi lona kapena chisaka, ndipo osaithira madzi kuti izizire. Ndaonapo anthu akuika chiguduli chonyowa pa mota: chimatseka mizere ija, madzi n'kutsikira mu bokosi la mateminolo.

Dzanja si choyezera. Chitsulo cha madigiri 60 munthu sangachigwire kwa nthawi, pamene mota ya kalasi F ikhoza kufika 70 kapena 80 pathupi ili bwinobwino. Makoyilo a kalasi B amapirira mpaka madigiri 130, a kalasi F mpaka 155, ndipo mkati mumatentha kuposa kunja. Lamulo limene amisiri amayendera ndi lakuti madigiri 10 aliwonse opitirira malire amadula moyo wa insulation ndi theka. Lozani choyezera pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, pakati pa thupi ndi pa maberingi onse awiri, muzilemba. Chimene chimakuuzani zambiri ndi kusintha kwake: dzulo 68, lero 84 pa katundu yemweyo.

Mota yoyendetsedwa ndi VSD (chipangizo chosinthira liwiro la mota) pa liwiro lotsika, tinene theka la 50 Hz kapena kutsikirapo, fani yake nayonso imazungulira pang'onopang'ono pamene lamba akufunabe mphamvu zomwe zija. Imeneyo imafuna fani yapadera ya magetsi akeake.

6. Maberingi

Masulani kapulin'i, pukusani shafiti ndi dzanja. Izungulire mofewa, popanda kukhuluza kapena kugwedera. Mota ikamayenda, gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa nyumba ya beringi, chogwirira chake kukhutu, kutali ndi zozungulira: yabwino imangoti sii, yotha imamveka ngati muli mchenga. Beringi ikatheratu rotor (chozungulira cha mkati) imakhula stator (mbali yokhala ndi makoyilo), ndipo pamenepo makoyilo apita.

Girisi wochuluka amatenthetsa beringi ngati wochepa yemwe. Musapope mpaka atulukire mbali ina, ndipo musasakanize mitundu iwiri.

7. Yezani volteji, unikani panelo

Yezani L1-L2, L2-L3 ndi L1-L3 mota ikugwira ntchito, osati itaima. Tinene mwapeza 400, 392 ndi 378. Phatikizani mugawe ndi 3, mupeza 390. Yotalikira kwambiri ndi 378, yasiyana ndi 12. Gawani 12 ndi 390, ndi 3 peresenti. Zikuoneka zochepa, koma kusiyana kwa 3 peresenti kumawonjezera kutentha kwa makoyilo ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo kusiyana kwa ma amp kumakhala kokulirapo kangapo. Kupitirira 2 peresenti fufuzani, kufika 5 peresenti mota isayende.

Yezani pamwamba pa buleka, pansi pa kontakita (switch ya maginito yolumikiza mota ku magetsi), ndi pa mota penipeni. Ngati zasiyana kale polowa, nkhani ndi ya thiransifoma, ya ESCOM kapena ya jenereta yanu, kapena wina analumikiza mawelding'i ndi magetsi a m'nyumba onse pa fezi imodzi. Jenereta yochepa mphamvu imagwetsa volteji mota ikamalira, ndipo volteji ikatsika mota yonyamula katundu imakoka ma amp ambiri. Ambiri tinaziphunzira izi mu 2022, madzi a namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, makina n'kumakhalira jenereta miyezi yambiri.

Ngati polowa zili bwino koma pa mota zasiyana, vuto lili pakati. Thimitsani, kiyani, yesani ndi mita kuti mulibe moto. Yang'anani teminolo yosintha mtundu, pulasitiki yosungunuka, kontakita ya mano okumbika, fyuzi imodzi yosiyana ndi zinzake. Kokani waya aliyense pang'ono, wolendewera adzadziulula. Abuluzi, analimata ndi makoswe amalowera pa mabowo a ma gland (polowera makebulo) osatsekedwa, ndiye mukachotsa mtembo tsekaninso bowolo.

Pa ovalodi: ngati mota mumailiza mwachindunji, ikani pa ma amp a pa puleti. Pa star-delta, pamene mota imayamba makoyilo atalumikizidwa mu star kuti ikoke ma amp ochepa kenako timer n'kuisinthira ku delta, ngati ovalodi ili pansi pa kontakita yaikulu pa mawaya opita ku makoyilo, ikani pa ma amp a pa puleti kuchulukitsa ndi 0.58. Mota ya 21 ndiye kuti 12. Apa ambiri amaphonya: amaika pa 21, ndipo ovalodiyo singatripe mpaka mota itafuka utsi. Onaninso kuti timer ikusinthadi kupita ku delta. Mota yolembedwa 400/690 V imayenera kumalizira mu delta. Ikakakamira mu star imangopereka gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yopotokola, n'kumatentha ikulimbana ndi lamba. Yolembedwa 230/400 V ndi ya star basi pa magetsi athu, mukailumikiza delta ipsa posachedwa.

Panelo yoombedwa ndi dzuwa, kapena imene fani yake inafa, imatha kutripitsa ovalodi ndi VSD mota ili yozizira. Mukaona ma amp ali bwino, thupi la mota lili bwino, koma ikutripa 2 koloko, lozani choyezera kutentha mkati mwa panelo.

8. Yezani makoyilo

Magetsi atakiyidwa, chotsani mawaya ndi timilatho ta mkuwa m'bokosi la mateminolo, mutayamba mwajambula ndi foni m'mene zinalili. Ndi multimeter yezani U1-U2, V1-V2, W1-W2. Onse atatu afanane, asasiyane kupitirira 5 peresenti. Pa mota yaikulu ma ohm ndi ochepa kwambiri moti mita wamba imangokuuzani ngati koyilo yaduka.

Kenako megger pa 500 V: koyilo iliyonse ndi thupi la mota, komanso koyilo ndi inzake. Pansi pa 1 megohm musailize. Mota youma ndi yathanzi imapitirira kutali pamenepo. Yezaninso kebulo payokha, chifukwa nthawi zina wadyedwa ndi makoswe kapena wadulidwa ndi fosholo ndi kebulo, mota ili bwino. Mukamaliza gunditsani mateminolo ku earth kuti moto wotsalira uchoke.

Machenjezo awiri. Musayeze ndi megger VSD kapena soft starter (choyambitsira mota pang'onopang'ono) ili yolumikizidwa, mudzaiwononga, ndipo VSD mukaithimitsa dikirani mphindi zimene zalembedwa pa chivundikiro chake musanaigwire. Komanso timawaya tiwiri tating'ono ta thermistor (kosensa kutentha ka m'makoyilo) musatiike pa megger. Tiyezeni ndi multimeter: mota itazizira tiwerenge ma ohm mazana ochepa, osapitirira 750.

Mota imene inamira, monga zinachitikira m'malo ambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu 2015 komanso nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ikawerenga motsika sizitanthauza kuti yapsa. Itsegulidwe, matope achotsedwe, iumitsidwe pang'onopang'ono pa kutentha kosapitirira madigiri 90 mpaka megger itakwera n'kukhazikika, ndipo maberingi asinthidwe. Kuiyanika padzuwa tsiku limodzi kumaumitsa kunja kokha.

9. Lamba waima koma palibe chatripa

Tsatirani mawaya a control kuchokera ku fyuzi yake: stop, chingwe chokoka pangozi, switch ya lamba wopatuka, sensa ya liwiro pa pule ya kumchira, kenako koyilo ya kontakita. Chingwe chokoka chimatalika ndi dzuwa n'kufupika usiku, motero chikamangidwa molakwika chimathimitsa lamba popanda wochigwira. Sensa ya liwiro ikakutidwa ndi fumbi kapena ikasunthira kutali imanama kuti lamba waima. Kontakita ikamalira trrr, koyilo yake sikulandira volteji yokwanira kapena muli fumbi pa chitsulo chake. Mukapeza switch yovuta, ikonzeni. Mukailumphitsa ndi kawaya “kongoyembekezera”, kadzakhala pomwepo mpaka tsiku limene mkono wa munthu udzakokedwe ndi pule.

Zolakwitsa zimene zimabwerezedwa

Kukweza ovalodi, kapena kuisiya pa auto reset, pamene imadzibwezera yokha ikatripa. Pa konveya auto reset ndi yoopsa kawiri: mota imadziwotcha yokha, ndipo lamba akhoza kudzuka munthu ali pansi pake akuchotsa zinyalala.

Kumanga fyuzi ndi waya wa mkuwa, kapena kusintha imodzi yokha ndi ya saizi ina.

Kugula mota yaikulu musanapukuse marola. Giyabokosi, kebulo ndi kontakita zinasankhidwa molingana ndi mota yakale ija, ndiye chofooka chotsatira n'chimene chidzathyoke.

Kuliza lamba atadzaza katundu magetsi akangobwera. Yambani mwayeza kuti mafezi onse atatu abwera, chifukwa nthawi zina amabwera awiri, mababu n'kumayaka ngati zonse zili bwino. Ka phase failure relay, kothimitsa mota fezi ikasowa, n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kuwayinditsa mota kamodzi.

Kulandira mota kowayinda osafunsa kuti inapsa motani. Auzeni akujambulireni makoyilo asanawachotse. Onse akada mofanana, inalemedwa kapena inasowa mphepo. Pa mota ya delta, fezi imodzi yakuda ziwiri zoyera ndiye kuti inasowa fezi, ndipo pa ya star zimada ziwiri imodzi n'kutsala. Kabowo kamodzi kophulika pamalo amodzi, kwina konse koyera, ndi insulation imene inaboola. Mota ikabwera, iyezeni ndi megger isanakwezedwe pa felemu, muiyendetse yopanda kapulin'i kuti muone mbali imene ikuzungulira, makamaka pa lamba wokwera chitunda wokhala ndi backstop (choletsa lamba kubwerera m'mbuyo), ndipo ma amp a tsiku loyambalo mulembe ndi choko mkati mwa chitseko cha panelo pamodzi ndi deti.